Msomali Ukasowa Pogwira: Nthawi Yosiya Zigamba N'kukhoma Denga Latsopano

Mvula yoyamba ikabwera usiku, m'makomo ambiri a ku Ndirande, ku Chinsapo, ku Zolozolo ndi ku Chikanda tulo timabalalika. Mayi amakokera mphasa ya ana pakona pouma, bambo akuunika kudenga ndi tochi ya pafoni, ndipo beseni, ndowa ndi poto wa nyemba zimandandalikidwa pansi kuti zilandire madontho. Kukamacha, mnyamata wa pakhomopo amakhala ali kale pamwamba ndi kachitini ka phula, kumata mabowo omwe aja anamata chaka chatha, ndi enanso amene chaka chathacho kunalibe.

Banja lotere limakhala ndi funso limene limaopa kulifunsa mokweza, chifukwa yankho lake lingafune ndalama zimene m'nyumbamo mulibe: kodi dengali likungofuna chigamba china, kapena latha?

Kwa Mmalawi funso limeneli si la chitsulo chokha. Akuluakulu amene ankapita ku misonkhano ya Dr Hastings Kamuzu Banda amakumbukira zinthu zitatu zimene ankabwereza kuti akufunira anthu ake: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Patapita zaka zambiri, boma la Peter Mutharika, lomwe linalowa mu 2014, linabwera ndi ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Atsogoleri asinthasintha, koma denga silinachokepo pa nsanja ya ndale, chifukwa m'mudzi munthu amene wakhoma malata amakhala waonetsa mtundu wonse kuti thukuta lake silinapite pachabe. Malatawo amakhala fodya wa chaka china, mtedza wa chaka china, kapena miyezi yambiri ya ganyu ku Joni. N'chifukwa chake kuvomereza kuti atha kumawawa, ndipo ambiri amazengereza mpaka mphepo itawasankhira tsiku.

Ntchito imene denga limagwira ndi yaikulu kuposa mmene mwini nyumba amaganizira. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo otalika mita imodzi mbali zonse, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi ikakumana ndi chimvula cha mamilimita 50, chomwe si chachilendo mu Januwale, denga lake limatsetsereza malita 4,000, kapena kuti migolo 20 ya malita 200, mwina m'maola awiri okha. Ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, kumene mvula imachuluka, zimenezi zimachitika kawirikawiri kuyambira Novembala mpaka Epulo. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Blantyre kumabweranso chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, chimene chimasiya malata ali chinyowere masiku angapo osaona dzuwa.

Komabe kudontha kwina n'kwapafupi, ndipo pali mabanja amene anagwetsa denga labwinobwino chifukwa cha mantha. Pa nyumba za malata, madontho ambiri amayambira pa msomali. Masana lata limatentha n'kufutukuka, usiku limazizira n'kubwerera mwakale, ndipo kaphokoso ka "the! the!" kamene kamamveka kudenga dzuwa likafika paliwombo ndi lata likuyenda. Lata la mamita atatu limatha kutalika ndi milimita imodzi ndi theka pa tsiku lotentha kwambiri. N'zochepa, koma zikachitika tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi, bowo la msomali limakula, msomaliwo umatukuka, ndipo kachipewa kake kamasiya mpata. Mankhwala ake savuta: kuzula msomali wakalewo n'kukhoma wokulirapo, kapena kuika sikuluu yokhala ndi kamphira kotseka madzi.

Pena vuto limakhala la mmisiri amene anakhoma. Msomali umayenera kulowa pamsana pa lata, osati m'kangalande mmene madzi amayenda. Malata awiri amayenera kupitirirana mokwanira, m'mbali ndi kumapeto komwe. Mmisiri amene anafuna kupulumutsa lata limodzi powakumanitsa pang'ono amasiyira banja kudontha kwa mvula iliyonse yobwera ndi mphepo. Malata opinda ovindikira pamsonga akasuntha, masamba a mango kapena a bulugama akaunjikana pamene mbali ziwiri za denga zimakumana, kapena simenti yomata pamene lata lagunda khoma ikang'aluka, madzi amalowa ngakhale malata onse ali amoyo. Zonsezi ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa kalipentala wodziwa.

Palinso madontho amene si a mvula n'komwe. M'miyezi yozizira, ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzuzu, mpweya wofunda wa m'nyumba ukakhudza lata lozizira m'bandakucha umasanduka madzi, ndipo anthu amati malata akutuluka thukuta. Denga lotero likufuna mpata wodutsa mpweya kapena siling'i, osati malata atsopano. Ndipo munthu asanyengedwe ndi pamene dontho lagwera: madzi amatha kulowa pamsonga, n'kuyenda ndi thabwa mamita awiri kapena atatu, n'kukagwera pakama kuchipinda china.

Nkhani imasintha dzimbiri likalowa. Lata ndi chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndi imene imadyeka poyamba kuti chitsulo chikhale. Lata likasiya kunyezimira n'kusanduka lotuwa, palibe chodetsa nkhawa, zinki ikadalipo. Likayamba mawanga ofiirira, ndiye kuti m'malo amenewo zinki yatha ndipo chitsulo chili pamtetete. Apa ndi pamene mwini nyumba ali ndi mwayi wake waukulu: kupala dzimbiri ndi bulashi ya waya, kutsuka, kupaka penti woyambira wofiira uja woteteza ku dzimbiri, kenako penti wa denga. Denga logwidwa pa nthawi imeneyi limawonjezera zaka zambiri.

Ambiri amaphonya nthawi imeneyi. Amadikira mpaka dzimbiri litayamba kusendeka ngati khungwa, lata likumveka ngati tsamba louma munthu akaligogoda. Njira yodziwira ndi yakalekale ndipo siilira ndalama: masana dzuwa lili phwee, kutseka zitseko ndi mawindo, n'kuyang'ana kumwamba, kapena kukwera m'siling'i ngati ilipo. Kuwala kukamalowera pa mizere ya misomali pokha, dengalo n'lokonzeka. Koma kukamaoneka tinyenyezi tambirimbiri pakati pa lata, kutali ndi msomali uliwonse, ndiye kuti dzimbiri laboola kuchokera mbali ina kufika mbali ina, ndipo pa bowo limodzi looneka pali malo ena ambiri amene angotsala pang'ono. Phula pamenepo ndi lotaya. Kumata bowo limodzi kumafuna kuti munthu aponde padenga, ndipo phazi lakelo limatsegula mabowo ena.

Dzimbiri lili ndi malo ake okonda. Limabisala pamene malata apitirirana, chifukwa madzi ndi fumbi zimatsakamira pamenepo osauma. Limadya milomo ya malata kumapeto kwa denga. Limafulumira pamwamba pa khitchini, pomwe utsi wa nkhuni ndi makala umasakanikirana ndi nthunzi, pamwamba pa bafa ndi chimbudzi, pa khola la nkhuku, ndiponso m'chipinda chosungira matumba a feteleza. N'chifukwa chake denga limatha kuoneka bwino munthu ali pamsewu koma litadyeka kunsi. Ogula nyumba achenjere ndi denga lopakidwa penti wonyezimira kutangotsala masabata ochepa kuti nyumbayo igulitsidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti lata likhale zaka zingati zimadaliranso geji yake. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: la geji 28 ndi lochindikala kuposa la geji 30, ndipo la geji 32 ndi lopyapyala moti munthu amalipinda ndi zala. Mabanja ambiri amagula la 32 chifukwa ndi limene thumba lingakwanitse, ndipo palibe wowaweruza. Kungoti lata lotere limafika msanga pa msinkhu wa tinyenyezi, limang'ambika mosavuta pa msomali mphepo ikalikoka, ndipo matalala amalisiya ndi zibonyongo mmene madzi amaima. Nyumba zina zakale za kumishoni ndi za m'minda ya tiyi zikadali ndi malata ochindikala amene aona mibadwo ingapo, chifukwa chitsulo chake chinali chokwanira ndipo ankawapaka penti nthawi isanathe.

Koma chiweruzo chenicheni cha denga chili kunsi kwa malata, kumene anthu ambiri sayang'ana.

Lata palokha siligwira nyumba. Limadalira msomali, msomali umadalira thabwa lopingasa, thabwalo limadalira mathirasi kapena mapaso, ndipo zonsezi zimadalira waya kapena chitsulo chimene chinamangirira denga kukhoma. Paliponse pamene unyolo umenewu waduka, malata ngakhale atakhala ogulidwa dzulo sangakhale. Dontho laling'ono la pa msomali, limene banja limalilandira mu beseni chaka ndi chaka, limayamba lanyowetsa thabwa lisanafike pansi. Thabwa lonyowa ndi kuuma mobwerezabwereza limada, limafewa, limavunda, ndipo chinyezicho chimaitana chiswe. Chiswe chimakwera m'kati mwa khoma kapena m'tinjira tadothi tomata pakhoma, n'kudya thabwa kuyambira m'kati, kusiya khungu lakunja lili bwinobwino. Tizilombo tina timafumbula mtengo, ndipo chizindikiro chake ndi ufa wosalala umene mayi amasesa m'mawa uliwonse pamalo amodzimodzi.

Matabwa a masiku ano awonjezera vutoli. Nkhalango ya Chikangawa, imene kwa zaka zambiri inkadyetsa dziko lonse matabwa a paini, inachepa kwambiri chifukwa cha moto ndi kudula kopyola muyeso. Pamsika pamapezeka matabwa aawisi, ochekedwa kuchokera ku mitengo yanthete, ndi milimo ya bulugama yosakhwima. Thabwa lokhomedwa lili laliwisi limapindika ndi kung'aluka pouma, n'kumasula misomali, ndipo ngati silinapakidwe Solignum kapena mankhwala ena oteteza, chiswe sichichedwa nalo.

Kuyesa thabwa sikufuna sukulu. Munthu atenge sikuludiraiva kapena msomali wautali, akwere ndi tochi, azibaya matabwa, makamaka kumapeto kumene agona pakhoma ndi pansi pa malo amene amadontha. Thabwa lamoyo limakana. Lovunda limalola chitsulo kulowa ngati mu chinangwa chophika, ndipo lodyedwa ndi chiswe limamveka mphako poligogoda. Kenako atuluke, aime patali, ayang'ane mzere wa pamsonga pa denga. Ukakhala wowongoka ngati chingwe, mafupa a denga alipo. Ukatsika pakati ngati msana wa ng'ombe yokalamba, kapena mbali imodzi ikaoneka yolowa m'kati, ndiye kuti thirasi lina lagonja ndipo anzake akusenza katundu wosakhala wawo.

Amisiri ali ndi chizindikiro china chimene chimathetsa mkangano. Akakhoma msomali watsopano n'kuona kuti ukungolowa osalimbana ndi hamala, kapena ukuzuka ndi zala, amatsika n'kuuza mwini nyumba kuti msomali ulibe pogwira. Mawu amenewa akamveka pa thabwa limodzi kapena awiri, matabwawo angasinthidwe. Akamveka mbali zonse za nyumba, palibenso chokonza. Denga limenelo likungokhala pamwambapo chifukwa cha kulemera kwake.

Miyala, njerwa ndi matayala akale amene amaoneka pamwamba pa nyumba zambiri m'matauni athu amanena nkhani yomweyi. Mwini nyumba amakhala wadziwa kale kuti misomali yasiya ntchito. Koma mwala umabonyola lata n'kuchititsa madzi kuima pomwepo, tayala limasunga madzi oswera udzudzu, ndipo tsiku limene mphepo idzapambana, mwala womwewo umagwera pabwalo pamene ana amasewera.

Mphepo siikankha denga pansi, imalinyamula. Ikamadutsa pamwamba imakoka malata m'mwamba, ikalowa kunsi kwa khonde imawatukula, ndipo chitseko kapena windo likatseguka mwadzidzidzi imadzaza nyumba n'kukankha kuchokera m'kati. Imayambira m'makona ndi m'milomo ya denga. Lata limodzi likangotukuka, anzake amatsatira ngati masamba a buku. Chaka chilichonse kumayambiriro kwa dzinja, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA imalengeza za nyumba, masukulu ndi matchalitchi amene madenga ake asasuka ndi mvula ya mkuntho. Zaka zaposachedwapa kwabweranso anamondwe otsatizana: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana n'kusiya oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Zambiri mwa zoopsa za Freddy zinabwera ndi madzi osefukira ndi matope otsika m'mapiri, monga zinachitikira ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo palibe denga limene likanaletsa zimenezo. Koma kutali ndi mitsinje, nyumba zambiri zinagwa chifukwa mvula ya masiku angapo inalowa m'makoma a zidina ndi a njerwa zomangira dothi mpaka anasungunuka. Namondwe Chido, amene anadutsa mu Disembala 2024, anabwera ndi mphepo imene inasasula madenga ambiri.

Apa ndi pamene kuzengereza kumadula kwambiri. Denga lodontha pamwamba pa khoma limatsitsira madzi m'kati mwa khomalo, ndipo banja limene linkaopa mtengo wa malata limadzapezeka likumanga nyumba yonse. Madzi a m'siling'i amakumananso ndi mawaya a magetsi. Nkhungu yakuda ya pakhoma ndi fungo la chinyezi m'chipinda chogona zimavutitsa ana ndi aliyense wodwala mphumu. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa nkhani ya denga mwambiwu umakwanira ndendende.

Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009 zitachitika, boma mothandizana ndi mabungwe linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo kumangirira bwino denga kukhoma ndi imodzi mwa mfundo zimene amisiri amaphunzitsidwa. Nyumba zambiri zakale zinangomangidwa ndi kawaya kamodzi kokolekedwa pa mzere wa njerwa wapamwamba, kamene pano kanadyeka ndi dzimbiri. Kukhoma denga latsopano ndi mpata wokhawo wokonza zimenezi: kuzika waya wochindikala kapena chitsulo chopyapyala mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi, kuchulukitsa misomali m'milomo ndi pamsonga, kufupikitsa khonde lotalika kwambiri, ndi kukweza denga limene linagona mopitirira muyeso kuti madzi azithamanga. Denga lotsetserekera mbali zinayi limalimbana ndi mphepo kuposa la mbali ziwiri kapena la mbali imodzi, ngakhale limadya matabwa ndi malata ochulukirapo.

Zonsezi n'zosavuta kulemba. Kugula n'kumene kuli phiri. Zitsulo zopangira malata zimachokera kunja, choncho kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya malata, misomali ndi penti inakwera limodzi nayo. Banja limene likuwerengera ndalama lili ndi ufulu wofuna njira yapakati, ndipo njirayo ilipo. Ngati matabwa ali olimba ndipo malata obooka ndi owerengeka, kusintha okhawo n'kwanzeru, bola atsopanowo akhale a mizere yofanana ndi akalewo, chifukwa lata la IBR silingagone bwino pa lata la mizere yozungulira. Ngati mbali imodzi, makamaka yoyang'ana kumene mvula imachokera kapena ya pamwamba pa khitchini, yatha koma inayo ili bwino, munthu angakhome mbali imodzi chaka chino, inayo chaka chamawa. Koma lata limodzi mwa atatu aliwonse likakhala ndi tinyenyezi, kapena kalipentala akamaitanidwa kawiri katatu dzinja lililonse, ndalama za zigamba zikanakhala zikugula malata atsopano limodzilimodzi.

Kugula pang'onopang'ono ndi mmene Amalawi ambiri amafikira denga: malata anayi atagulitsa soya, asanu ndi limodzi banki mkhonde ikagawana mu Disembala. Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi msampha. Malata osanjikizana akalowa chinyezi pakati, zinki imayamba kudyeka n'kutulutsa ufa woyera, moti ena amakalamba ali pansi pa bedi asanakwere n'komwe padenga. Ayenera kusungidwa pouma, pamwamba pa matabwa, mbali imodzi itakwezedwa, kutali ndi feteleza ndi simenti.

Msampha wina umagwira amene ali kunja. Mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town amatumiza ndalama kwawo ku Mangochi kapena ku Mzimba kuti makolo akhome malata, ndipo pakapita masabata awiri amalandira chithunzi pa WhatsApp cha denga lonyezimira. Chithunzicho sichionetsa kuti malata atsopanowo akhomedwa pa matabwa akale odyedwa ndi chiswe, chifukwa ndalama zinawerengeredwa pa malata okha. Wotumiza ndalama ayenera kupempha chithunzi china, cha mathirasi ali poyera malata asanakwere, ndi kuika pa bajeti matabwa, waya, misomali ndi mankhwala a chiswe. Chimodzimodzi amene akufuna kuika mapanelo a sola: kuwakhoma pa denga lotsala zaka ziwiri ndi kulipira mmisiri kawiri.

Pali mtundu wina wa denga umene malangizo onse a kupala ndi kupaka penti saugwira. Nyumba zambiri zakale za boma ndi za makampani m'matauni zinafoleredwa ndi asibesitosi, mapale otuwa aja osakaniza simenti ndi ulusi wa mwala umene unkakumbidwa kwambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe. Bungwe la World Health Organization limanena kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008. Denga lotere likakhala lathunthu, losakhudzidwa, ulusiwo umakhala womangika mu simenti. Ngozi imabwera likakalamba n'kuyamba kufumbutuka, kapena wina akalipala ndi bulashi ya waya, kuliboola kapena kulicheka. Fumbi lake likalowa m'mapapo limakhala momwemo, ndipo matenda amatha kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Denga la asibesitosi limene lang'aluka m'malo ambiri kapena likusiya ufa pa chala ndi loyenera kuchotsedwa, ndipo ochotsawo azinyowetsa mapalewo, aziwatsitsa athunthu osawaswa, atavala zotchinga mphuno zoyenera. Zidutswa zake zisakhale zosewerera ana, zowotchera chimanga kapena zokwirira maenje a pamsewu. Mapale akale amenewa amathyokanso mosachenjeza munthu akawaponda.

Kumudzi, kumene nyumba zambiri zikadali zofolera ndi udzu, funso la chigamba kapena denga latsopano limabwera pafupifupi chaka chilichonse. Udzu wapamwamba ukapyapyala, kuwonjezera mitolo ina kumakwanira. Koma udzu ukada n'kuyamba kuyoyoka ngati manyowa, pepala lakuda la pulasitiki limene ambiri amayala kunsi likang'ambika, luzi likaduka ndipo mapaso akafumbwa, kuwonjezera udzu pamwamba kumangolemetsa denga lofooka, makamaka udzu wonsewo ukamwa madzi. Pamenepo n'kofunika kusasula zonse. Denga la udzu lokhalitsa ndi lotsetsereka kwambiri, lofoleredwa mothithikana, ngati a m'malo ogona alendo a kunyanja amene amakhala zaka zambiri. Koma udzu wabwino ukusowa chifukwa madambo asanduka minda ndipo moto wa osaka mbewa umatentha wotsalawo anthu asanamwete. Ntchito yofolera imakumbutsa mwambi woti mutu umodzi susenza denga, ndipo mpaka lero m'midzi yambiri amayi amamweta ndi kututa udzu, abambo ndi anyamata n'kukwera pamwamba.

Za matailosi a simenti n'zachidule. Limodzi likasweka amalisintha lokha, ndipo matailosiwo amakhalitsa. Chofunika kuyang'anira ndi matabwa, chifukwa matailosi amalemera kakhumi kapena kuposerapo poyerekeza ndi malata. Wochotsa malata kuti aike matailosi a simenti pa mathirasi omwewo akuika nyumba pa ngozi.

Anthu a lendi ndi amene amavutika koposa, poti amagona pansi pa denga limene alibe nalo mphamvu. Landilodi amatumiza mnyamata ndi phula, wa lendi amayanika matiresi, ndipo mwezi ukatha onse awiri amakhala ndi mawu. Wa lendi amene wajambula madontho, thabwa lovunda ndi siling'i yotupa, n'kumuonetsa mwini nyumba mu Juni osati pakati pa dzinja, amakhala ndi poyambira kukambirana, kaya n'kugwirizana kuti ndalama za miyezi ingapo zipite ku malata. Mgwirizano wotero ulembedwe papepala, pakhale ndi mboni.

Nthawi yoyenera ntchito yonseyi ndi chilimwe, kuyambira Julayi mpaka Seputembala, pamene ndalama za zokolola zilipo, matabwa auma ndipo nyumba ingagone usiku umodzi kapena uwiri yopanda denga. Pofika Okutobala mitambo ikayamba kusonkhana, akalipentala abwino amakhala atagwidwa kale, ndipo otsala amagwira ntchito mothamanga maso ali kumwamba. Mmisiri woyenera kumukhulupirira ndi amene amapempha makwerero ndi tochi asanatchule mtengo, amene amaonetsa mwini nyumba thabwa lovunda ndi maso ake, ndipo saopa kunena kuti malata ena akadali abwino. Pokwera, iye amaponda pa mzere wa misomali pamene pali thabwa kunsi. Mwana wamng'ono asatumidwe padenga lokalamba pa chifukwa choti ndi wopepuka.

Malata otsitsidwa nawo sapita kudzala. Amene ali ndi moyo amakafolera khitchini ya panja, bafa kapena khola la mbuzi, ndipo mabowo akale a misomali amamatidwa ndi phula lomwe lija. Ena amasanduka mpanda kapena chitseko cha kudimba. Otheratu amagulidwa ndi anyamata oyenda ndi ngolo ofuna zitsulo zakutha, ndipo zidutswa zochindikala zimakafika kwa amisiri osula a mumsika wa Ndirande, kumene hamala imalira kuyambira m'mawa, n'kutulukako zili mbaula.